Thankala ikagubuduka, theka la ola loyamba ndi lanu

Mayi wina wa ku Area 25 walemba kuti: "Ndimagwira ntchito pa kampani ina yonyamula mafuta ku Kanengo. Abwana andipatsa udindo woona za chitetezo, ndipo akufuna ndikonze maphunziro a zoyenera kuchita mafuta akatayika. Wina wabwera kale ndi mtengo wake wa maphunziro a masiku atatu ku hotela, koma pafupifupi theka la pulogalamu yake ndi za mafuta otayika pa nyanja zikuluzikulu za mchere. Kodi ife a dziko lopanda nyanja yamchere zimenezi tikuzifuniranji? Nanga ndiyambire pati?"

Mayi, zikomo pofunsa musanasaine cheke. Za nyanjazo ndizinena, koma choyamba tiyeni tituluke mu ofesi tikaime pabwalo pomwe mumaimika magalimoto, chifukwa yankho lanu lalikulu lili pamenepo.

Chaka china ndinaitanidwa pa yadi ina kuti ndikaone ngati anthu ake ndi okonzeka. Pakhoma mu ofesi panali masatifiketi ataliatali, ena a m'mafelemu. Ndinapempha ndowa ziwiri za madzi, ndinathiramo utoto pang'ono wa zakudya, kenako cha m'ma 2 koloko masana, anthu atakhuta nsima, ndinakhuthula madziwo pansi pa thankala ina n'kukuwa kuti dizilo akutayika. Ndinayatsa wotchi. Mlonda anathamangira ku ofesi kukauza kapitawo. Kapitawo anapita kumene kunali mgolo wa zipangizo, n'kupeza wokhomedwa ndi loko. Kiyi anali ndi mkulu wa sitolo, yemwe anali atapita ku maliro ku Mitundu. Atathyola lokoyo anapezamo magolovesi a dzanja limodzi, mabotolo opanda kanthu ndi nsanza zochepa, chifukwa zina amakanika anali atapukutira manja. Fosholo inali itabwerekedwa. Pomwe wilibala ya mchenga inkafika, madzi anga ofiira aja anali atadutsa kale pansi pa mpanda, akuyenda m'ngalande ya mumsewu. Palibe mmodzi yemwe pabwalopo amene ankadziwa kumene ngalandeyo imakathera.

Anthu amenewa sanali opusa kapena aulesi. Anaphunzira ndithu, ndipo ukawafunsa ankayankha bwino. Chomwe chinasowa n'choti manja ndi miyendo yawo inali isanachitepo zimene makutu anamva. N'chifukwa chake ndikunena kuti ndalama yanu yoyamba isapite ku hotela. Theka la ola loyamba mafuta akatayika, pamalopo sipakhala katswiri, sipakhala a MERA (bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi) kapena a MEPA (bungwe loteteza zachilengedwe), ngakhale ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda amakhala ali m'njira. Pamakhala dalaivala, mlonda, wothira mafuta ndi anthu odutsa. Ophunzitsidwa oyamba akhale amenewo, ndipo aphunzire pabwalo pomwe amagwira ntchito.

Chinthu choyamba chimene aliyense ayenera kuchidziwa ngati dzina lake ndi kusiyana kwa petulo ndi dizilo. Tonse timangoti mafuta, koma khalidwe lawo ndi losiyana kwambiri. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira mpaka madigiri 40 kunsi kwa ziro, ndiye kuno kwathu, kaya ndi m'Juni usiku, nthawi zonse amakhala wokonzeka kuyaka. Nthunzi imeneyi ndi yolemera kuposa mpweya katatu kapena kanayi. Sikwera m'mwamba ngati utsi, imakwawa pansi, n'kutsikira m'maenje, m'ngalande ndi m'makalavati, ndipo imatha kukafika pa mbaula ya mayi wootcha chimanga kutali ndi pomwe thankala yagwera, moto n'kubwerera m'mbuyo kutsata nthunziyo mpaka pa thanki. Sipafunika yambiri: ikangokwana pakati pa magawo 1.4 ndi 7.6 pa 100 aliwonse a mpweya, kamoto kakang'ono ka ndudu, ka batire kapena ka injini ya njinga yamoto n'kokwanira. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, koma ili lokha limanunkha. Ukamva fungo la petulo lamphamvu, dziwa kuti waima m'kati mwa nthunzi yake.

Dizilo sachedwa kupusitsa anthu chifukwa sayaka msanga, amafuna atenthe kupitirira madigiri 50 kuti atulutse nthunzi yoyaka. Koma iye ndiye amakhalitsa. Petulo wambiri amauluka, dizilo amalowa m'dothi, amaterereka pa tala mpaka magalimoto ena kugundana, ndipo akafika m'madzi amatenga nthawi. Tinganene kuti pa petulo mdani woyamba ndi moto, pa dizilo mdani woyamba ndi ngalande ndi chitsime. Palafini ali pakati. Ogwira ntchito anu adziwe kuwerenga chikwangwani cha pa thankala: 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1223 ndi palafini, ndipo chizindikiro chofiira chokhala ndi nambala 3 chimatanthauza madzi oyaka. Poimbira ozimitsa moto, nambala imeneyo itchulidwe m'mawu oyamba.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandisowetsa tulo, yomwe mapulogalamu ambiri ochokera kunja saikhudza n'komwe: khamu la anthu ndi zigubu. Pa 17 Novembala 2016 ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thankala yomwe inanyamula petulo wochokera ku Beira kubwera kuno ku Malawi inaphulika anthu atayizungulira kuti atunge mafuta, ndipo anthu oposa 70 anafa. Pa 10 Ogasiti 2019 zomwezo zinachitika ku Morogoro ku Tanzania, pa msewu womwe mathankala athu ochokera ku Dar es Salaam amadutsa. Oposa 60 anafera pomwepo ndipo ena anakamwalirira m'chipatala, ambiri mwa iwo anyamata a njinga zamoto. Ku Sange m'dziko la Congo mu Julayi 2010 anafa oposa 200. Malo onsewa ngozi yeniyeni ya galimoto sinaphe anthu ambiri. Anthu anafa pambuyo pake, atabwera okha ndi ndowa m'manja.

Sindikuwanyoza anthuwo. Munthu amene wagona pa mzere wa mafuta masiku awiri, kapena amene lita imodzi ndi ndiwo za sabata pakhomo pake, akaona petulo akuyenda m'ngalande ngati madzi a mvula, mtima umamuuza kuti mwayi sudziwika. Dalaivala wanu ali yekha, mwina wavulala, sangawaletse ndi pakamwa pokha. Ndiye maphunziro a madalaivala akhale ndi gawo limeneli mosabisa. Akangotuluka azimitse injini, adule magetsi a batire ngati galimotoyo ili ndi chodulira ndipo angachifikire popanda kuponda m'mafuta, achoke kupita kumene mphepo ikuchokera komanso kumtunda, ndipo foni aimbire ali kumeneko. Aimitse magalimoto mbali zonse ziwiri. Apeze anthu awiri kapena atatu omveka pamalopo, kaya a mfumu, wapampando wa msika, mphunzitsi kapena a chitetezo cha m'mudzi, kuti iwo ndiwo athamangitse anthu ndi kuzimitsa mbaula zonse. Mabuku a ozimitsa moto amati poyamba anthu atalikire mamita osachepera 50 mbali zonse, mafuta akakhala ambiri atalikire mamita 300 kumbali yomwe mphepo ikulowera, ndipo thanki ikagwira moto, mamita 800. Mamita 800 ndi mabwalo a mpira pafupifupi asanu ndi atatu. Muwauze choncho, chifukwa mamita sakhala m'mutu mwa munthu wochita mantha. Ndipo dalaivala auzidwe ndi abwana enieni, pamaso pa anzake, kuti sadzadulidwa malipiro chifukwa chosiya katundu n'kupulumutsa anthu. Mukapanda kutero adzaima pa thanki kulondera malita.

Ngati kampani yanu ili ndi mtima, ipite patsogolo pang'ono: misika ya m'mbali mwa M1 yomwe mathankala anu amadutsa tsiku lililonse, kuyambira ku Dedza, Nathenje, Lumbadzi, Mponela mpaka kumpoto, ndiyo malo oyenera kukachezera mafumu, sukulu ndi magulu a kabaza. Msonkhano wa ola limodzi pansi pa mtengo ndi wotchipa kuposa chakudya chamasana cha ku hotela kuja.

Anthu akatalikira, chachiwiri ndi kutseka njira ya mafuta. Apa ntchito yanu, mayi, ndi ya nsapato zophwatalala. Dikirani mvula, kapena thirani madzi pabwalo, muwatsate ndi miyendo mpaka kumene akukathera. Ngalande za mumzinda uno wa Lilongwe zimathera m'madambo, mu Lingadzi kapena mu Lilongwe, ndipo mtsinje wa Lilongwe umakakumana ndi Linthipe n'kukathira m'nyanja cha ku Salima. M'njira monsemo muli madimba a masamba omwe timagula mumsika, zitsime zosazama, amayi ochapa ndi ng'ombe zakumwa. Jambulani mapu a pamanja osonyeza ngalande iliyonse, pomwe imatulukira mumpanda, ndi malo awiri kunja kwa mpanda omwe mungatsekere. Pa malo amenewo pakhale matumba a mchenga odzaza kale.

Zipangizo zoyambira si zodula. Mchenga wouma, mafosholo, wilibala, matumba, pulasitiki yokhuthala yovindikira pakamwa pa ngalande, migolo yokhala ndi zivindikiro, magolovesi osalowa mafuta, majombo, zingwe zotchingira malo, zozimitsira moto za ufa, ndi timatiresi tija toyamwa mafuta koma osayamwa madzi. Mgolo wa zipangizo usakhale ndi loko. Ikani kawaya kodula ndi dzanja, kuti muzidziwa ngati wina watsegula. Utuchi musaugwiritse pa petulo, mukatero mwakonza nkhuni. Ndipo chonde letsani chizolowezi chomwe ndimachiona paliponse, chothira sopo waufa ndi kutsuka ndi paipi ya madzi. Pabwalo pamaoneka poyera, inde, koma mafuta sanathe, angosakanikirana ndi madzi, ndipo akatero amadutsa ngakhale m'dzenje lija lolekanitsa mafuta ndi madzi n'kupita kumtsinje. Madzinso sazimitsa moto wa petulo, amangounyamula kuupititsa patsogolo. Pamafunika thovu la ozimitsa moto kapena ufa.

Pali luso limodzi lomwe ndimakonda kuphunzitsa chifukwa limatheka ndi zinthu zogula pa Area 2 pomwepa. Mafuta akalowa m'khwawa kapena m'ngalande yoyenda madzi, ukangotseka ndi matumba madzi amadzaza n'kusefukira, mafuta ali pamwamba. Ndiye pomanga damu la matumbalo ikani paipi yopendekeka: kukamwa kwake kolowera madzi kukhale pansi penipeni mbali yomwe madzi akuchokera, kotulukira kukhale kokwererako mbali inayo. Madzi oyera a pansi amadutsa mu paipi, mafuta oyandama amatsalira kumbuyo kwa damu, inu n'kumawawola ndi timatiresi kapena pampu. Anthu akamanga kamodzi ndi manja awo m'khwawa lenileni, matope mpaka m'mawondo, saiwalanso. Izi n'za dizilo. Petulo wambiri musamuunjike pamalo amodzi pafupi ndi nyumba kapena pansi pa mlatho popanda ozimitsa moto, chifukwa mukuunjikanso nthunzi yake.

Thankala yodzaza yomwe yagona chammbali isadzutsidwe ndi kireni mafuta ali momwemo. Ayambe apopedwa kupita mu thankala ina, ndi pampu yopangidwira mafuta, osati pampu ya petulo yothirira kudimba, ndipo mathankala awiriwo alumikizidwe ndi waya n'kukhomerera chitsulo pansi kuti magetsi obwera chifukwa cha kuyenda kwa mafuta asathethetse moto. Iyi ndi ntchito ya gulu lochepa lophunzitsidwa mwapadera, ndipo apa ndiye pomwe ndalama ya katswiri imayenera kupita. Funsani lero kuti ngozi itachitika pa Chiweta 1 koloko usiku, thankala yopanda kanthu ndi pampu zingachokere kuti, ndipo zingatenge maola angati.

Tsopano za nyanja. Sindinganene kuti n'zopanda ntchito. Mafuta ambiri omwe timagwiritsa amafika pa sitima za pamadzi ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo nzeru zambiri za ntchito imeneyi zinabadwira kunyanja. Sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta ku Alaska mu 1989, bungwe loona za maulendo a panyanja la IMO linakhazikitsa pangano la OPRC mu 1990, lofuna kuti maiko, madoko ndi sitima azikhala ndi dongosolo lolembedwa, zipangizo ndi anthu ophunzitsidwa. Maphunziro ake ali m'magawo atatu: a ogwira ntchito ndi manja, a otsogolera pamalo a ngozi, ndi a akuluakulu opanga ziganizo. Ngozinso zimagawidwa patatu: yomwe kampani ingathane nayo yokha, yofuna thandizo la ena m'dera kapena m'dziko, ndi yofuna thandizo la kunja. Kagawidwe kameneka tengani, kamagwira ntchito ngakhale pa tala. Mufunse amene wakupatsani mtengo uja kuti pulogalamu yake ndi ya gawo liti. Akalephera kuyankha, mwadziwa.

Phunziro lina la kunyanja lomwe ndi lathu ndi la ku Mauritius. Sitima ya Wakashio inatsakamira pa matanthwe pa 25 Julayi 2020, koma mafuta anayamba kutuluka pa 6 Ogasiti, ndipo matani pafupifupi 1,000 analowa m'madzi. Panali masiku oposa khumi ochitapo kanthu. Zotchinga zitachepa, anthu wamba anasoka zawo poika masamba a nzimbe m'maukonde ndi kumangirira mabotolo kuti ziyandame. Ife udzu, mapesi ndi masamba a nzimbe tili nazo. Chomwe tingachite mosiyana ndi kuphunzira kusoka ngozi isanagwe.

Komanso nyanja tili nayo, yathu yopanda mchere. Ilala ndi mabwato a injini amamwa dizilo, pali madoko a Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba, ndipo kumpoto M1 amayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Koma zina za m'maphunziro a nyanja yamchere pano n'zoopsa mukazitengera zonse. Mankhwala omwaza mafuta omwe amapopera pakati pa nyanja zikuluzikulu sayenera m'madzi omwe anthu amamwa ndi kuwedzamo usipa ndi chambo, ndipo pa dizilo ndi petulo safunika n'komwe. Zotchinga zoyandama zimagonja mafunde a mwera akakula, ndipo mumtsinje madzi akathamanga kupitirira pafupifupi theka la mita pa sekondi, mafuta amadutsa pansi pake. N'chifukwa chake sitizimanga mopingasa koma mopendekeka, kuti zikankhire mafuta kugombe komwe madzi ndi odekha. Kwa kampani ya mathankala ya ku Kanengo, tsiku limodzi la za m'madzi kwa anthu atatu kapena anayi, lochitikira pa mtsinje weniweni, n'lokwanira. Theka la pulogalamu ayi.

Dongosolo lolembedwa likhale lalifupi. Tsamba limodzi m'Chichewa mu kabini ya thankala iliyonse ndi pa geti: woyamba kuimbira ndani, wachiwiri ndani, manambala a ozimitsa moto, apolisi ndi chipatala cha boma lililonse lomwe mumadutsa. Manambalawo muziwayesa miyezi itatu iliyonse, anthu amasamutsidwa. Patchulidwe munthu mmodzi wolamula pamalo a ngozi ndi wachiwiri wake, okhala ndi chilolezo chobwereka thirakita kapena kugula mchenga usiku osadikira siginecha ya abwana. A MERA, omwe amakupatsani chiphaso, ndi a MEPA, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, auzidwe msanga. Ngati mafuta akulowera kumtsinje womwe anthu amapopamo madzi akumwa, a bodi ya madzi auzidwe nthawi yomweyo kuti atseke mapampu, ndipo ngozi ikakula khonsolo ya boma ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amalowapo. Lamulo limati woipitsa ndiye alipire. Kubisa kumangoonjezera bilu.

Ntchito sithera pomwe thankala yachoka. Dothi lonyowa ndi mafuta likumbidwe, liikidwe pa pulasitiki, livindikiridwe, ndipo kokalitaya agwirizane ndi a zachilengedwe. Lisakwiriridwe m'dambo kapena kuotchedwa. Zitsime zapafupi zisiye kutungidwa mpaka madzi atayezedwa, ndipo kampani ibweretse madzi ena, chifukwa mu petulo muli benzene yemwe amayambitsa khansa ya m'magazi. Muphunzitsenso chithandizo choyamba: wopsa athiridwe madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano kapena dzira, amene wameza mafuta popopa ndi pakamwa asamusanzitse, chifukwa akalowa m'mapapo ndiye zimavuta, angothamangira naye kuchipatala, zovala zonyowa ndi petulo azithire madzi kaye asanazivule.

Za mitengo, ndalama ya masiku atatu ija igaweni chonchi. Gulani zipangizo kaye. Itanani mphunzitsi abwere pa yadi panu, aphunzitse m'Chichewa, mashifiti onse, alonda a usiku ndi aganyu omwe. Pemphani ozimitsa moto a khonsolo adzakhale nanu, aone geti lanu, pomwe pali madzi, ndi ngati thovu lawo lingakwane thankala ya malita 30,000 kapena kuposa. Ngati silingakwane, kambiranani ndi makampani anzanu a ku Kanengo zosonkherana, popeza nkhokwe za NOCMA, kampani ya boma ya mafuta, ndi madepoti ena muli nawo pafupi. Kenako yesererani kosachepera kawiri pachaka, kamodzi mu Okutobala mvula isanayambe, ndipo kamodzi kakhale kodzidzimutsa, usiku kapena Loweruka. Mukamaliza khalani pansi pomwepo, aliyense anene chomwe chavuta, mlonda ayambe kulankhula abwana asanatsegule pakamwa. Lembani mphindi zomwe zatenga kuti ngalande itsekedwe. Pa yadi ija ya madzi ofiira tinabwereza katatu m'miyezi iwiri. Ulendo wachitatu mlonda yekha anali atagwetsa matumba pa ngalande mphindi zitatu zisanakwane, kapitawo asanatuluke n'komwe mu ofesi.